Firmware ya SSD: Tiyisinthe Kapena Tiyisiye?

Aliyense amene anapitapo ndi laputopu yochedwa kwa amisiri okonza makompyuta m'tauni ya Chipata anamvapo mawu awa: "Abwana, tichotse hard disk, tiikemo SSD." Malangizowa ndi abwino. Makina ambiri amene ali m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'timashopu tofotokopa mapepala, kuyambira ku Kapata mpaka ku Katete ndi ku Lundazi, ndi ogwiritsidwapo kale ntchito: ma HP, ma Dell ndi ma Lenovo amene anatumikira eni ake oyamba kunja asanafike kuno. Makina otere akaikidwa SSD amasanduka ena. Laputopu yomwe inkadya mphindi zingapo kuti iyake imayaka munthu asanakhazikike pampando.

Chimene amisiri ambiri sanena n'chakuti kabokosi kamene akuikirani kali ndi kompyuta yakeyake mkati, ndipo kompyutayo imayendera pulogalamu yake yotchedwa firmware. Pulogalamuyi simuiona pa Windows ndipo simungaitsegule ngati fayilo. Mumangokumana nayo tsiku limene uthenga watulukira pa sikirini wonena kuti kampani yatulutsa firmware yatsopano. Apa anthu amagawikana pawiri. Ena amadina batani lililonse lolembedwa kuti update osafunsa, ena salikhudza mpang'ono pomwe. M'magulu onse awiriwa muli anthu amene anataya ntchito ya zaka zambiri.

Zimene zili mkati

Hard disk ili ndi mbale yomwe imazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamathamangira uku ndi uku. Mu SSD mulibe chozungulira. Muli matchipi a NAND flash, luso limene Fujio Masuoka ndi anzake anatulukira ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. M'tchipi chilichonse muli timaselo mabiliyoni, ndipo kaselo kalikonse kamasunga kamphamvu kochepa ka magetsi kotsekeredwa mkati. Kuchuluka kwa kamphamvuko ndiko kumaimira manambala amene amapanga chithunzi chanu, kalata yanu kapena nyimbo yanu.

Timaseloti tili ndi malamulo ake ovuta. Simungalembe pamwamba pa zolembedwa kale musanafufute. Kulemba kumachitika m'tizigawo ting'onoting'ono, koma kufufuta kumatheka pa chigawo chachikulu chokha, chomwe chili ndi tizigawo mazanamazana. Komanso kufufuta kulikonse kumaperepesa kaseloko pang'ono, moti pakapita maulendo ena ake kamatha. Chifukwa cha zimenezi, mukasintha mawu amodzi m'kalata n'kuisunga, SSD siilemba pomwe inali. Imailemba pamalo atsopano, n'kuika chizindikiro pa malo akalewo kuti adzafufutidwe nthawi ina. Windows imaganiza kuti kalatayo ili pomwe inali, koma yemwe akudziwa pomwe ili kwenikweni ndi katchipi kolamulira, kotchedwa controller.

Taganizirani kalaliki wa pa depoti ya chimanga ku Chadiza nthawi ya msika. Matumba akulowa, ena akutuluka, ndipo iye akuwasuntha tsiku lonse kuti apeze malo. Thumba lililonse akalisuntha amalemba m'kaundula: la auje lili pa mzere wakuti, mulu wakuti. Kaundulayo akasowa, chimanga chonse chimakhala chili m'shedi, osasowa n'thumba limodzi lomwe, koma palibe amene angaloze kuti ili ndi la yani. Controller ndiye kalalikiyo, ndipo firmware ndi malamulo onse amene amatsata: polemba, posuntha, pokonza zolakwika, pofufuta, komanso pa zimene ayenera kuchita magetsi akazima cholembera chili m'manja. Kusintha firmware ndi kumupatsa malamulo atsopano kaundula ali chitsegulire patebulo. SSD zambiri zimene anthu amati zafa zimakhala kuti matchipi ake ali bwinobwino. Chasokonekera ndi kaundula.

Pamene kusasintha kunawononga

Firmware imalembedwa ndi anthu, ndipo zolakwika zina zimabisala kwa miyezi kapena zaka. Mu 2011 kampani ya Crucial inatulutsa SSD yotchedwa m4, yomwe inagulidwa kwambiri. Pofika Januwale 2012 eni ake anayamba kudandaula za chinthu chodabwitsa: kompyuta inkauma, ukaiyatsanso n'kugwira ntchito ola limodzi, n'kuumanso. Kunapezeka kuti kowerengera maola ka m'firmware kankasokonekera SSD ikakwanitsa maola 5,184 ili yoyaka, omwe ndi masiku 216 osazimitsa. Mafayilo sankawonongeka, ndipo firmware ya nambala 0309 inathetsa vutolo. Koma munthu wosadziwa akanafomata kompyuta, kusintha RAM, kudzudzula mavairasi, mwina kutaya makina onse, pomwe chofunika chinali kafayilo kamodzi kaulere.

Za kampani ya HPE zinali zoopsa kuposa apa. Mu Novembala 2019 kampaniyi inachenjeza kuti mitundu ina ya ma SSD a m'maseva ake idzafa ikakwanitsa maola 32,768, kutanthauza zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, ndipo ikafa sipadzakhala njira yopulumutsira SSD kapena zomwe zili mkati. Odziwa masamu a kompyuta anaizindikira nambalayi msanga: ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini maulendo 15, malire amene kowerengera kakang'ono ka mabiti 16 kamasefukira. Choipitsitsa chinali chakuti m'seva mumaikidwa ma SSD angapo tsiku limodzi kuti imodzi ikafa inzake ipitirize, ndiye kuti onse akanafera limodzi. Mu Malichi 2020 kunatuluka chenjezo lina lofanana, la maola 40,000. Pa mavuto awiri onsewa chopulumutsa chinali firmware yatsopano yoikidwa ola loopsalo lisanakwane. Nkhaniyi ingaoneke yakutali, koma zipangizo zimene makampani akunja amapumitsa pakatha zaka zitatu kapena zinayi ndi zomwe zimagulitsidwa motchipa n'kufika m'maofesi athu, maola ake atawerengedwa kale ndi munthu wina.

Koma nkhani imene imatikhudza kwambiri ndi ya Intel 320 ya mu 2011. SSD imeneyi inali ndi timakapasita toiteteza magetsi akazima mwadzidzidzi, komabe firmware yake inali ndi cholakwika. Nthawi zina magetsi akaduka, SSD ya 120 GB kapena 160 GB inkadzuka ikunena kuti kukula kwake ndi 8 MB basi, mafayilo onse osaoneka. Munthu ankatha kuibwezeretsa poifufuta yonse, koma zomwe zinalimo zinali zitapita. Intel inatulutsa firmware yokonza zimenezi mu Ogasiti chaka chomwecho. Kumaiko kumene magetsi amazima kamodzi pachaka, eni ake ambiri sanakumane nalo vutoli. Kuno n'kosiyana. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. Mu Malichi ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku, maolawo n'kumawonjezeka mpaka pofika Seputembala makomo ambiri ankaona magetsi pafupifupi maola atatu okha. Kompyuta ya patebulo yopanda UPS, batire lothandiza magetsi akazima, inazimidwa mwadzidzidzi maulendo ochuluka kwambiri m'chaka chimenecho. Cholakwika cha firmware chimene chimadikira kuzima kwa magetsi sichidikira nthawi yaitali kuno ku Chipata, ku Mchini kapena ku Magazine.

Zolakwika za firmware zoterezi sizinathere m'zaka za kumbuyozo. Kumayambiriro kwa 2023 kunamveka kuti ma Samsung 980 Pro ena, makamaka a 2 TB okhala ndi firmware ya 3B2QGXA7, ankadzitsekera mwadzidzidzi moti munthu ankatha kuwerenga zomwe zilimo koma osalembamo kanthu, ndipo Windows siyaka pa SSD yotero. Firmware ya 5B2QGXA7 inkateteza amene anali asanadzitsekere, koma sinkatsegula amene anadzitsekera kale. Nthawi yomweyo ma 990 Pro ena ankaonetsa kuti moyo wawo ukutha mofulumira modabwitsa, ndipo firmware ya mu Febuluwale 2023 inaimitsa kutsikako koma sinabweze maperesenti amene anali atatayika. Mu Okutobala 2024 ma SSD ena a Western Digital, monga SN770 ndi SN580, anayamba kugwetsa makompyuta amene analandira Windows 11 ya 24H2, mpaka kampaniyo inatulutsa firmware yatsopano. Popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ambiri akusamukira ku Windows 11, ndipo msamuko wotere ndi nthawi yoyenera kuyang'ana firmware musanayambe, osati sikirini itasanduka kale yabuluu.

Pamene kusinthako kunawononga

Wina akawerenga zonsezi anganene kuti basi tizisintha nthawi zonse. Ayambe wamva za Intel X25-M. Mu Okutobala 2009 Intel inatulutsa firmware imene anthu ankaiyembekezera kwambiri. Inkabweretsa TRIM, lamulo limene Windows 7 imauzira SSD kuti malo akutiakuti alibenso ntchito, ndipo pa mtundu wa 160 GB inkakweza liwiro lolemba kuchoka pa 70 MB kufika pa 100 MB pa sekondi. Amene anathamangira kuiika tsiku loyamba, ena mwa iwo anapeza makompyuta awo osayakanso. Intel inaichotsa pa intaneti pasanathe masiku ambiri, ndipo yokonzedwa inatuluka patapita milungu ingapo. Amene anachedwa ndiwo anapindula. Apa ndi pomwe pamachokera chizolowezi cha amisiri okhwima chodikira milungu iwiri kapena itatu firmware ikangotuluka, kuti amve kaye zimene zawachitikira ena, pokhapokha ngati vuto likukonzedwalo ndi lakupha SSD.

Firmware ina imafufuta zonse mwadala. Mu 2018 Apple inalengeza kuti ma SSD ena a 128 GB ndi 256 GB a m'ma MacBook Pro a mainchesi 13 akhoza kufa, ndipo inaitana eni ake kuti akaikiridwe firmware kwaulere, koma inawauziratu kuti zonse za m'katimo zidzafufutidwa. Ngati kaundula akulembedwa mwa njira yatsopano, wakaleyo sagwiranso ntchito.

Ngozi imene ili pafupi nafe ndi ya magetsi. Kulemba firmware kumatenga masekondi, mwina mphindi imodzi kapena ziwiri, koma magetsi akaduka mkati mwa kanthawi kameneko controller ikhoza kutsala ndi theka la malamulo akale ndi theka la atsopano. Ikatero kompyuta siiona n'komwe kuti muli SSD. Ma SSD amakono a NVMe anachepetsa ngoziyi, chifukwa muyezo wake umalola malo osungira firmware mpaka 7, ndipo yatsopano imayamba yalandiridwa yonse isanayambe kugwira ntchito. Koma si kampani iliyonse imene imagwiritsa ntchito mwayi umenewu, ndipo ma SSD a SATA amene amaikidwa m'malaputopu athu akale sangadaliridwe pa zimenezi. Dziwaninso kuti laputopu ya batire lakufa, monga zilili zambiri zogula kale, siisiyana ndi kompyuta ya patebulo: chingwe chikangogwedezeka pa soketi, yazima.

Palinso chizolowezi chimene chinachokera ku mafoni. Anyamata ofulasha mafoni anazolowera kusaka fayilo pa intaneti, kuiyesa, ikakana n'kuyesa ina. Foni kawirikawiri imapirira zimenezi chifukwa ili ndi njira yobwererera. SSD nthawi zambiri ilibe. Makampani ambiri salola kubwerera ku firmware yakale, ndipo ma SSD awiri a dzina limodzi akhoza kukhala ndi controller kapena matchipi osiyana mkati, popeza opanga amasintha zipangizo osasintha dzina la pabokosi. SSD ya Samsung imene inabwera kale m'laputopu ya Dell kapena Lenovo siilandira firmware kudzera pa Samsung Magician. Yake imachokera kwa amene anapanga laputopuyo. Kuikakamiza fayilo ya mtundu wina chifukwa choti maina akufanana ndi njira yachidule yoiphera.

Ndiye pali ma SSD achinyengo. Ena amamatidwa dzina la kampani yotchuka pomwe mkati muli zina, ena ali ndi firmware yolembedwa kuti iziname, kunena kuti ndi 1 TB kapena 2 TB pomwe matchipi ake ndi ang'onoang'ono. Yotere imalandira mafayilo mokondwa, koma malo enieni akatha imataya mafayilo mwakachetechete, maina awo n'kumaonekabe. Palibe update imene ingaikonze. Pulogalamu ya kampani yeniyeni imaikana, ndipo kapulogalamu kaulere ka H2testw, kamene kamadzaza SSD yonse n'kuwerenganso, kamaulula bodzalo. Mtengo wotsika mosadziwika bwino ndiwo chizindikiro choyamba.

Nanga liwiro?

Ambiri amasintha firmware poyembekeza kuti kompyuta ithamanga. Kawirikawiri sizitero, ndipo munthu sangaone kusiyana kulikonse. Zilipo nthawi zochepa zimene liwiro linabwereradi, ndipo chitsanzo chodziwika ndi Samsung 840 EVO ya mu 2013. SSD imeneyi inali ya mtundu wa TLC, umene umasunga mabiti atatu m'kaselo kamodzi, kutanthauza kuti controller iyenera kusiyanitsa milingo 8 ya mphamvu ya magetsi m'kanthu kosaoneka ndi maso. M'kupita kwa miyezi kamphamvuko kankasuntha pang'ono, controller n'kumavutika kuwerenga, kubwereza kangapo isanapeze yankho. Mafayilo atsopano ankawerengedwa pa liwiro la pafupifupi 500 MB pa sekondi, koma amene anakhala miyezi osakhudzidwa ankatsika mpaka pansi pa 100 MB. Mapulogalamu oyeza liwiro sankaona vutoli chifukwa amayeza polemba fayilo yatsopano. Mu Okutobala 2014 Samsung inatulutsa firmware ndi pulogalamu yolembanso zonse za m'SSD. Liwiro linabwerera, koma patapita miyezi kuchedwa kunayambiranso. Mu Epulo 2015 inatulutsa ina, imene imalembanso mafayilo akale mwakachetechete nthawi ndi nthawi. Imeneyi inathandiza, koma taonani mtengo wake: kulembanso kulikonse kumadyako moyo wa timaselo. Firmware siipanga liwiro kuchokera pachabe. Imasankha pakati pa liwiro, kutentha, batire ndi moyo wa SSD, ndipo ikawonjezera kwina imachotsa kwina. N'chifukwa chake update ina imatsitsa manambala a pa pulogalamu yoyeza, chonsecho SSD yakhala yodalirika kuposa kale.

Pali malire amene firmware singadumphe. Doko la SATA III limathera pa 550 MB pa sekondi kapena kupitirira pang'ono, ndipo laputopu yakale kwambiri ya SATA II imathera pafupifupi theka la pamenepo, ngakhale SSD itakhala yodula bwanji. NVMe ya PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500 MB, ya PCIe 4.0 cha m'ma 7,000 MB, koma ya 4.0 yoikidwa m'makina a 3.0 imayenda pa liwiro la makinawo.

Kompyuta ya SSD ikayamba kuchedwa, ndi bwino kuyamba ndi zinthu zapafupi. SSD yodzaza mpaka pakamwa imachedwa chifukwa controller ilibe malo osunthira zinthu, ndipo kuchotsa mafilimu n'kusiya gawo lopanda kanthu kumathandiza kuposa firmware iliyonse. Ma SSD otchipa ali ndi kagawo kolemba msanga, ndipo kakadzaza pakati pokopera fayilo yaikulu liwiro limagwa, ena mpaka kufanana ndi hard disk. Amenewo ndi mapangidwe ake, si kuwonongeka. Kutentha nakonso kumachedwetsa. SSD zambiri zikafika madigiri 70 kapena kuposerapo zimadzichedwetsa dala kuti zisapse, ndipo mu Okutobala, makamaka kuchigwa cha Luangwa ku Mfuwe, laputopu yafumbi yoikidwa pabedi imafika pamenepo mosavuta. Ndiye pali RAM ya 4 GB pa Windows yamakono, imene imachedwetsa makina ngakhale SSD ili bwino.

Kusankha

Funso loyenera si lakuti kodi yatuluka yatsopano, koma lakuti kodi ikukonza chiyani. Kampani yabwino imalemba mwachidule zimene firmware yasintha. Ngati zikukhudza kutayika kwa mafayilo, kuzima kwa magetsi, kusowa kwa SSD pa kompyuta kapena maola akutiakuti, sinthani, ndipo musachedwe. Ngati zikunena za makina amene inu mulibe, kapena zangolembedwa mawu osaloza chinthu, pomwe SSD yanu ikugwira bwino, kudikira sikulakwa. Maganizo anga ndi akuti nthawi yabwino koposa ndi tsiku logula, SSD ili yopanda kanthu. Tsiku limenelo palibe chotaya, ndipo ikafa mukadali ndi lisiti m'manja. Mmisiri amene amaika SSD, kuisintha firmware kenako n'kuika Windows, wachita ntchito yonse. Ambiri amadumpha sitepe yapakatiyo chifukwa kasitomala ali pa khomo ndipo bandulo ndi yawo.

Kudziwa zimene muli nazo n'kosavuta. Kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamaonetsa dzina lenileni la SSD, nambala ya firmware, maola amene yakhala yoyaka, kutentha kwake, ndipo pa zambiri kamaonetsanso maulendo amene inazimidwa mwadzidzidzi. Wogula laputopu yakale apemphe kuona zimenezi asanapereke ndalama. "Achimwene, tandionetsani maola ake" ndi pempho limene wogulitsa woona mtima sangakane. Firmware yeniyeniyo itengedwe kwa mwini wake: Samsung Magician, Crucial Storage Executive, Kingston SSD Manager, Dashboard ya Western Digital ndi SanDisk, kapena tsamba la HP, Dell ndi Lenovo ngati SSD inabwera ndi makinawo. Ogwiritsa ntchito Linux ali ndi fwupd. Fayilo yotumizidwa pa WhatsApp kapena yochokera pa flashi ya mnzanu isalowe m'SSD yanu.

Musanadine batani, koperani mafayilo anu pena, ndipo mutsegule ena mwa iwo kuti muone ngati akopedwadi. Apa m'pofunika kukhazikika, chifukwa anthu anazolowera hard disk, imene kawirikawiri imachenjeza ndi phokoso kapena kuchedwa isanafe, ndipo mmisiri ankatha kupulumutsako zina. SSD imafa chete, ndipo kutola mafayilo m'matchipi opanda kaundula, amenenso mwina controller inawabisa ndi kiyi yake, ndi ntchito ya malabu apadera a mtengo woposa laputopu yonse. Chitsimikizo cha zaka zitatu kapena zisanu chimene makampani amapereka chimabweza SSD, osati zimene zinalimo, ndipo kwa munthu wa ku Chipata amene anagula kwa wamalonda wa ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ngakhale SSD yomweyo kuibweza ndi ulendo. Ojambula mavidiyo a maukwati, a Nc'wala ku Mtenguleni ndi a Kulamba ku Mkaika amve bwino pamenepa, popeza ambiri amasunga ntchito yonse pa SSD imodzi ya m'thumba. Mu 2023 ma SanDisk Extreme ena a m'thumba ankataya mafayilo mwadzidzidzi. Western Digital inatulutsa firmware, madandaulo sanathe, ndipo nkhani inafika kukhoti ku America. Mwambo wa chaka chino sudzavinidwanso kuti mujambule kachiwiri.

Kenako konzani za magetsi. Laputopu ikhale ndi batire lamoyo, lodzaza, ndipo ikhale pa chaja. Kompyuta ya patebulo ikhale pa UPS kapena pa inveta ya sola imene mukuidalira, osati pa kajenereta kamene kamatsokomola mafuta akatsika. Musayambe magetsi atangobwera kumene, pamene amakonda kuphethira, kapena mitambo ya mvula ikugunda. Ngati Windows yanu ili ndi BitLocker, pulogalamu yotseka mafayilo ndi kiyi, sungani kiyi yake papepala ndipo muimitse kaye pulogalamuyo. SSD ikhale yolumikizidwa mkati mwa makina, chifukwa kudzera m'kabokosi ka USB firmware nthawi zambiri siidutsa, kupatula ma SSD opangidwira m'thumba amene ali ndi pulogalamu yawoyawo. Tsekani mapulogalamu ena onse. Ikayamba, manja akhale kutali. Sikirini ikaoneka ngati yauma, dikirani, chifukwa ambiri amene anapha SSD zawo anachita kuzimitsa okha atatopa kudikira. Ikamaliza zimitsani kompyuta kwathunthu, muyatsenso, muone ngati nambala ya firmware yasinthadi.

Kwa aphunzitsi oyang'anira chipinda cha makompyuta kusukulu, kapena amene amasamalira makina a pa ofesi, pali mfundo ina. Makina ogulidwa pamodzi amakhala ndi SSD zofanana, za firmware imodzi ndi maola ofanana, monga zinalili ndi ma seva a HPE aja. Cholakwika chikakhalapo chidzagwira onse m'sabata imodzi, ndipo update yoipa nayonso idzapha onse mukaiika tsiku limodzi. Yambani ndi kompyuta imodzi, igwire ntchito masiku angapo, kenako mupitirize ndi zina. Ndipo musachite zimenezi sabata ya mayeso kapena kumapeto kwa mwezi pamene malipiro akukonzedwa.

Ngati lero simungapeze malo ena okoperako mafayilo, kapena simukutsimikiza kuti magetsi akhala kwa theka la ola likubwerali, isiyeni firmware mmene ilili. Lembani dzina la SSD yanu ndi nambala ya firmware yake, mufufuze ngati mtundu umenewo uli ndi vuto lodziwika, ndipo ngati lilipo, pitani nayo kwa mmisiri amene ali ndi UPS, mutakopera kale mafayilo anu.